Mkamwini Wapha Ng'ona

Abu, chaka cha 12 cha Mfumu, mwezi wachinayi wa Mmera, tsiku la 6

Ababa,

Ndine mwana wanu Senebutisi. Landirani moni wochokera kuno pachilumba cha kumathithi, kumapeto kwa dziko. M'mawa uliwonse ndimapempha Sobeki, mulungu wa ng'ona, mwini nyanja yathu, kuti akupatseni moyo, mphamvu ndi mano otafunira nkhuyu zouma. Kodi bondo lija likuvutabe? Nanga azakhali a Mereri akadakulongolozani za mowa? Muwapatse moni wanga.

Tsopano khalani pansi mlembi asanapitirize kuwerenga. Ababa, ndaima. Zaka zisanu za misozi zija zatha. Poyamba sindinakhulupirire, ndiye apongozi anga anandisokera timatumba tiwiri, kena ka tirigu kena ka balere, kuti ndizithirira ndi madzi a m'thupi mwanga m'mawa uliwonse, ati zikamera ndiye kuti ndaimadi. Zonse zamera! A Dedu, mkamwini wanu, anangokhala pansi pafupi ndi timatumbato n'kumaseka okha ngati alawa mowa wa chikondwerero. Munthu woolotsa ngalawa pamathithi osaphethira n'komwe, kumuona akusisita mmera wa balere ndi kachala! Ndinachita kutuluka panja kuti ndikaseke bwino.

Koma pakhomo pano pabuka mkangano. Apongozi akuti mwanayu wamuumba ndi Khunumu, mulungu wawo wa mutu wa nkhosa, pa gudumu lake loumbira mbiya, poti iwo akhala akumuthirira mowa chilowereni ine m'nyumba muno. Ine ndinati, "Amayi, ine ndine mwana wa a Renisenebu, wodyetsa ng'ona ya Sobeki ku Shedeti. Ndili naye wanga wondimvera." Anaseka mpaka kutsokomola. Ati, "Mulungu wako timadyera adyo uja?" Ndinatupa tsiku lonse, koma madzulo anabwera kudzanditikita msana ndi mafuta, ndiye ndikanatani? Pakamwa pawo ndi pamoto koma mtima ndi wabwino. Ndipo musade nkhawa. Chimene a Dedu anakulonjezani tsiku lija akusungabe: sanakwezepo dzanja pa ng'ona, ndipo nyama yake siinalowepo m'nyumba mwathu, ngakhale chilumba chonse chimadya.

Pempho langa ndi ili: mubwere. Apongozi akuti ndidzachira mwezi wachiwiri wa Kusefukira. Amayi anatisiya kale, ndipo ndikuopa, Ababa, sindibisa. Ndikufuna ndikamadzakwera pa njerwa zoberekera ndidzamve kutsokomola kwanu panja pa chitseko. Ndikudziwa muyankha kuti mulungu adzadya chiyani mukachoka, koma ku kachisi kuli anthu ambiri a manja awiri.

Munditumizirenso mikate ya uchi ija mumaphikira Sobeki. Ndikuilota. Ya kuno amaika zipatso za kanjedza, imakakamira m'mano.

Ndine wanu,
Tisi


Shedeti, mwezi woyamba wa Kukolola, tsiku la 3

Tisi mwana wanga,

Sobeki akutchinjirize kutsogolo ndi kumbuyo, pamadzi ndi pamtunda. Ine ndili bwino. Bondo ndi la nkhalamba, lisiye.

Mlembi atawerenga mawu ako ndinamuuza kuti abwereze. Atabwereza ndinamulanda kalatayo n'kuiyang'anitsitsa ndekha, ine wosadziwa ngakhale kambalame kamodzi ka m'zolembazo. Azakhali ako analulutira mpaka abakha onse a padziwe anauluka. Ine sindinalire ayi. Akakuuza kuti ndinalira akunama, unali utsi wa lubani.

Za nkhosa ija, uwauze apongozi ako, mwaulemu ndithu, kuti Khunumu ngati ndi woumba ndiye woumba waulesi. Zaka zisanu dongo lili m'manja! Woumba mbiya wa pamsika wathu atatero mkazi wake angamuthamangitse. Zoona zake n'zakuti chaka chatha, pomuveka Wankhope Yokongola, ng'ona yopatulika ya padziwe lathu, ndolo zake zatsopano, ndinamunong'oneza m'khutu momwemo. Ndinati, "Mbuye wanga, ndakudyetsani kuyambira ndevu zisanamere, sindinakupempheni kanthu. Mwana wanga ali kutali pakati pa anthu osadziwa ulemu. Mukumbukireni." Anaphethira. Ndinaona ndi maso angawa. Ndiye asakuuze zina munthu.

Iye ali bwino, wanenepa, makoza a kumiyendo yakutsogolo ayamba kumuthina. Dzana kunabwera alendo olemera a kumpoto kudzamuona. Ndinaomba m'manja, ndinamuitana, anabwera pang'onopang'ono monga mwa ulemerero wake. Ndinamuyasamitsa ndekha, n'kumuika mkate, nyama yowotcha, kenako vinyo wa uchi. Mayi wina anakomoka, mwamuna wake anabisala kumbuyo kwa wantchito. Ndinakumbukira iwe uli kamwana, utakhala pamapewa panga, ukumuponyera zinyenyeswa n'kumamukalipira kuti adye mwaulemu. Ansembe ankati kamwana aka kalibe ndulu ya mantha. Ndinkanyada nazo mpaka lero.

Za kubwera, ndayamba kale kumufewetsa mkulu wa ansembe. Ndi munthu wouma ngati chingwe chakale, koma amakonda nsomba za azakhali ako. Tisiyire ife.

Ndakutumizira dengu la mikate ya uchi, yophika ndi manja anga. Theka udye iwe, ndipo mwamuna wakoyo umupatseko umodzi, umodzi wokha. Theka linalo ndi la Sobeki. Umuthokoze, mwana wanga. Asadzanene kuti banja la Renisenebu limadziwa kupempha kokha.

Umuuze Dedu kuti ndati wachita bwino. Kaya ayi, usamuuze, angadzimve.

Bambo ako,
Renisenebu


Abu, mwezi wachiwiri wa Kukolola, tsiku la 19

Ababa,

Sobeki akusungeni. Ndikunena ndi mtima wonse, ngakhale mukamva zimene zachitika mudzadabwa kuti dzina lake likutulukabe pakamwa panga. Ndiyambe ndi ichi kuti mtima wanu ukhale m'malo: ndili moyo, ndipo mwana akugunda m'mimba.

Dengu lanu linafika. Theka ndinadya, a Dedu anaba iwiri. Theka linalo ndinafuna kupereka monga munanenera, koma kuno Sobeki alibe kachisi, alibe ngakhale kamwala kothirapo mowa. Nditafunsa apongozi anati, "Kampatse Khunumu, akagawana okha kwawoko." Ine sindinafune. Ndiye ndinakumbukira kuti kuseri kwa dooko lochapira, pamchenga umene watuluka madzi ataphwera, pamagona ng'ona yaikulu. Amayi a kuno amaithawa, ana amaigenda ali patali. Ndinati mumtima, anthu awa sadziwa kulankhula naye, n'chifukwa chake amawaluma. Ndinasamba, ndinavala nsalu yoyera, n'kupita ndi dengu langa dzuwa litakwera. Ndinaomba m'manja n'kuitana monga mumaitanira inu. Inatsegula diso. Ndinakondwa, Ababa, ndinati wandidziwa. Ndinagwada n'kutambasula dzanja.

Sindinadziwe kuti inali yaikazi, ndi kuti inagonera mazira. Mkate siinauyang'ane n'komwe. Inandigwira pantchafu pamodzi ndi nsalu n'kuyamba kundikokera kumadzi. Ndinagwira mchenga, mchenga unangopita nane. Amayi amene ankachapa akuti ndinakuwa dzina lanu.

A Dedu anali pa dooko akumanga ngalawa. Sindinaone m'mene anafikira. Ndinangoona ali pamsana pake, zala zili m'maso mwake. Inandisiya ine n'kuwagwira iwo mwendo. Anzawo anawaponyera mkondo wophera mvuu, ndipo anaibaya kuseri kwa mutu mwendo wawo udakali m'kamwa mwake. Inawagubuduza m'madzi, anaibayanso. Anthu anachita kuikanula nsagwada ndi nkhafi kuti awatulutse.

Bala langa sing'anga wasoka, akuti lipola. Koma mwendo wa a Dedu waphwanyika kuyambira m'bondo kutsika. Aumanga ndi uchi ndi mafuta, thupi likutentha ngati ng'anjo. Akatsitsimuka amafunsa chimodzimodzi: "Ababa amva? Paja ndinawalonjeza." Ndimawauza kuti agone, ndikuuzani ndekha.

Anthu a kuno anachita za kwawo. Anaisenda, anaiphika, anavina mpaka ng'oma ina inang'ambika. Apongozi anapachika chikopa chake pakhomo pathu kuti aliyense aone chimene mwana wawo wachita. Ine sindinadye, koma sindinawaletse. Ndiwaletsa bwanji mayi amene mwana wake akubuula m'nyumba chifukwa cha ine?

Musawakwiyire a Dedu, Ababa, ndagwira mwendo wanu. Ndipo mukandifunsire kwa Wankhope Yokongola ngati ndinamulakwira, poti ine ndinangofuna kuthokoza.

Kalatayi ndapatsira anthu a chingalawa chonyamula miyala ya Mfumu, chifukwa ndicho chikunyamuka lero. Mubwere msanga.

Tisi


Shedeti, mwezi wachitatu wa Kukolola, tsiku la 8

Senebutisi,

Moni ndilibe wambiri lero. Sobeki akukhululukire ngati angathe.

Chitumizireni dengu lija sindinamve kanthu kwa iwe. Ndinkati mwina mimba yakulemetsa. Osadziwa kuti ukusowa poyambira.

Dzana padziwe panali anthu odzaza, ansembe onse alipo, mkulu wawo ali pampando. Kunabwera wamalonda a minyanga dzina lake Henenu, wochokera kwanuko pa kabwato kothamanga. Atamva kuti ndine bambo ako anandikumbatira pamaso pa anthu, dengu la mulungu lili m'manja mwanga, n'kufuula kuti, "Akulu, mkamwini wanu ndi mwamuna! Wapha ching'ona chotalika ngati bwato! Ndadya nawo ndekha, nyama yonona. Chikopa chili pakhomo pa mwana wanu!" Ndinamufunsa kuti anaipheranji. Ati sanafunse, iye anafika nyama itapsa kale.

Chikopa pakhomo pako, Senebutisi! Iwe umalowa ndi kutuluka pansi pake? Iwe amene unayamba kuyenda utagwira mpanda wa dziwe lake? Sobeki wakupatsa mwana chaka chomwechi, ndipo malipiro ake ndi mphika ndi adyo? Mwamuna wako uja anagwada pakhomo panga, anagwira dothi n'kulumbira. Azakhali ako anandichenjeza kuti wa kumathithi ndi wa kumathithi, ine ndinati ayi, mnyamata uyu ali ndi maso oona. Ndinapusa.

Mkulu wa ansembe wandiitana. Wati banja la wopha mulungu silingagwire dengu la mulungu. Wati iwe uchoke m'nyumba imeneyo madzi asanafike pachimake, apo ayi ine ndisiye dengu. Dengu limeneli anagwira agogo ako, anagwira abambo awo. Ndikalisiya ndine yani?

Ndiye imva. Kwera ngalawa yoyamba ubwere kwanu. Udzachirira kuno, azakhali ako alipo, mwanayo tidzalera ife. Ukasankha kukhala pansi pa chikopacho, usandilemberenso, ndipo kumeneko phazi langa silidzapondako.

Chakudya sichikulowa. Wandipweteka, mwana iwe.

Renisenebu


Abu, mwezi wachinayi wa Kukolola, tsiku la 5

Azakhali,

Moni. Milungu yonse ikusungeni, ya kwanuko ndi ya kuno, poti masiku ano sindikudziwanso woti ndimutchule. Ndikulembera inu chifukwa achimwene anu andiletsa kuwalembera.

Kalata yawo ndalandira. Mlembi anafika pakati n'kuima, ati, "Mayi, ndipitirize?" Ndinati pitirizani, ndi bambo anga.

Azakhali, ndiuzeni inu. Ndinawalembera zonse, osabisa kanthu. Amva zonsezo, ndipo chimene chawapweteka ndi chikopa? Sanafunse za ntchafu yanga. Sanafunse ngati mdzukulu wawo akugundabe. Kapena akanakonda ndikanapita nayo pansi pamadzi, kuti ansembe adzandikulunge m'bafuta wa kachisi n'kumati mwana wa Renisenebu ndi wodala, mulungu wamutenga yekha? Ngati ndi choncho anene, ndidziwe.

Mwendo wa a Dedu unayamba kuda ndi kununkha. Sing'anga waudula pansi pa bondo. Ndinawagwira mutu ndine. Sadzaimanso pa ngalawa. Kalata ya Ababa sindinawauze. Akafunsa ndimati madzi ndi ochepa, ngalawa zikuchedwa. Dzulo anati, "Akadzabwera udzandithandize kuimirira, ndisadzawalandire chogona."

Ndiye muwauze kuti sindichoka. Munthu wataya mwendo chifukwa cha ine, ndimusiye pamphasa ndikwere ngalawa? Anandilera ndi Ababa, akudziwa kuti sindingathe. Dengu lawo asunge, ndikudziwa m'mene amalikondera, sindikuwalanda. Koma ndimawafunabe, Azakhali. Ndakwiya nawo kwambiri, ndipo ndikamva ngalawa yakocheza ndimatsimphina mpaka pakhomo kukaona otsika.

Kodi akudya? Muziwaikira mafuta pabondo, okha sakumbukira.

Mwana wanu,
Senebutisi


Shedeti, chaka cha 13 cha Mfumu, mwezi woyamba wa Kusefukira, tsiku la 14

Tisi mwana wa mchimwene wanga,

Ndine azakhali ako Mereri. Isisi, mulungu wamkazi amene anabisa mwana wake m'mabango, akufungatire iwe ndi uyo ali m'mimbayo. Pukuta misozi, khala bwino, ndikuuze zimene zachitika kuno. Mlembi uyu akuti ndimalankhula mothamanga. Alembe basi, ndi ntchito yake.

Kalata yako itafika mutu wanga unaima. Ntchafu iti? Mwendo uti? Unawalembera liti? Kuno sikunafike kalata iliyonse, mwana wanga, chichokereni dengu lija. Ndinathamanga nayo kwa bambo ako, mlembi ndikumukoka dzanja. Poyamba anati, "Ndinati asandilembere." Ndinati, "Walembera ine, iwe ungomvera nawo, gonthi iwe." Atamva za mwendo anaimirira. Atamva za bafuta anakhalanso pansi. Ati, "Mereri, mwanayu akunena chiyani?" Ndinati ndikanadziwa ndikanabwera kwa iwe?

Kuyambira tsiku limenelo munthu anasanduka mlonda wa pa dooko. Akangomudyetsa mulungu, uyo, kukakhala padzuwa, ngalawa iliyonse yochokera kummwera kuifunsa. Anthu anayamba kunong'ona kuti wazungulira mutu. Ndiye madzi atakwera kunatulukira munthu wakuda ndi dzuwa, kalata ili m'kansalu. Ati pepani akulu, chingalawa chathu cha miyala chinakhala pamchenga kufupi ndi Gebutu, tinakhala pomwepo kudikira madzi atinyamule. Koma abale! Kalata ya moyo wa munthu kuipatsira anthu a miyala! Nawenso Tisi, unasowa bwato la asodzi?

Anaiwerengera pa dooko pomwepo. Pofika poti unagwada n'kutambasula dzanja, bambo ako anakuwa ngati uli pafupi, "Mwezi wa mazira! Tisi, bwerera! Ngakhale ine sindiyandikira yaikazi mwezi umenewo!" Anthu anatembenuka. Pofika poti unakuwa dzina lake, anagwa m'matope, nkhalamba yonse ija, n'kumadzithira dothi kumutu ngati pamaliro. Ndamudziwa munthu uyu chibadwire chake, amayi ako atamwalira analira chobisala kuseri kwa nkhokwe, koma apa analira poyera ngati mwana wotayika pamsika. Ine ndinalira nawo, mlembi naye analira, mpaka munthu wa miyala uja.

M'mawa mwake anapita kwa mkulu wa ansembe, ine pambuyo, poti ndinaopa kuti amenya munthu. Anafotokoza zonse bwinobwino. Mkulu uja anamva, anapukusa mutu, ati, "N'zomvetsa chisoni, Renisenebu, koma lamulo silisintha. Wopha ndi wopha. Ndipotu ukudziwa wekha kuti amene mulungu wamutenga m'madzi ndi wodala. Mwana wako tikanamuika m'manda opatulika, mnyamatayo wamulanda ulemu waukulu." Iye ankanena mokoma mtima, amakhulupiriradi zimenezo. Bambo ako anati, "Akulu, muli ndi ana aakazi atatu. Mukafuna ulemu umenewo, mchenga ulipo." Anaika dengu pamapazi pake n'kutuluka. Ine ndinatola nsomba zanga zimene ndinabweretsa, sindinamusiyire ngakhale mutu.

Chimene chinandiswa mtima ndi padziwe. Anapita chimanjamanja. Anaomba m'manja, Wankhope Yokongola anabwera, anayasama monga mwa masiku onse, ndipo bambo ako analibe choti amuike m'kamwa. Anangomusisita pamphuno n'kumalankhula naye motsitsa. Sindinamve zonse. Ndinangomva akuti, "Sindikuthawani, mbuye wanga. Koma muli ndi antchito ambiri, iye bambo ali ndi mmodzi." Amene wapatsidwa dengu ndi mwana wa mlongo wake wa mkulu uja, munthu wonjenjemera, amaponya mkate ali patali ngati akudyetsa galu wolusa.

Bambo ako ananyamuka dzulo pa ngalawa ya tirigu. Kalatayi ndapatsira wamthenga wa asilikali, ikhoza kumupitirira panjira, ndiye konzeka. Watenga mafuta a mabala amene amapanga yekha, bafuta wambiri, ndi nkhwangwa. Za nkhwangwa sanandiuze. Mwina uwabise kaye apongozi ako.

Ukamulandire bwino. Akuopa kuti sukamuyang'ana kumaso. Usamuuze kuti ndakuuza.

Azakhali ako,
Mereri


Abu, mwezi wachitatu wa Kusefukira, tsiku la 2

Mereri mlongo wanga,

Sobeki akusunge, ndipo Khunumu naye akusunge. Usatsegule pakamwa, ndikudziwa chimene ukufuna kunena. Ndili m'dziko lake, ndikumwa madzi ake, moni ndiyenera kumupatsa.

Lulutira. Tisi wachira, ndi mwana wamkazi. Ali ndi chipumi chako, koma tikuyembekeza kuti chidzasintha akamakula. Ndinali panja pa chitseko kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndinatsokomola mpaka pakhosi kuuma. Amake a Dedu anatuluka n'kundiuza kuti, "Bambo, ngati mukufa kafereni uko, muno tili pa ntchito." Mayi ameneyu, Mereri, mukanakumana dziko likanagawanika. Ndimakangana naye m'mawa ndi madzulo, ndipo ndanenepa ndi kuphika kwake.

Ndikuuze za tsiku lofika. Ulendo wonse ndinkakonza mawu, pofika pakhomo onse anathawa. Tisi anali pakhonde, mimba kutsogolo. Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana. Ati, "Mwaonda." Ndinati, "Iwe sunaonde." Basi, anandigwera pachifuwa, tinatsala pang'ono kugwa tonse ndi bondo langali.

Kenako ndinamva kugogoda kwa ndodo m'nyumba. Anatuluka Dedu, atagwira khoma, thukuta lili kamukamu, mwendo umodzi. Munthu uja unkamuona ngati mtengo wa ngalawa watsala mafupa. Anayesa kugwada, ndi mwendo umodziwo, n'kumati, "Ababa, ndinakulonjezani, ndaphwanya. Mundilange m'mene mufunira, koma musamutenge." Mereri, ndinagwada ndine. Ine Renisenebu, pamaso pa mkamwini, anthu a chilumba chonse akuonerera pampanda. Ndinagwira chitsa cha mwendo wake ndi manja awiri n'kuchiika pamphumi panga. Ndikumusambitsa bala ndekha tsiku lililonse, likuuma bwino. Sing'anga wa kuno amadziwa za zinkhanira, za mano a ng'ona ndinamuphunzitsako.

Chikopa chija ndinachipempha. Amake anakana, ati ndi ulemu wa mwana wawo. Ndinati, "Mayi, ulemu wa mwana wanu ukuyenda m'nyumba muno ndi mimba. Uyu ndi mayi mnzanu, anafera mazira ake, mulekeni akagone." Anang'ung'udza tsiku lonse, koma m'mawa ndinapeza atachitsitsa okha. Ndinachidzoza mafuta, pamodzi ndi mutu umene ana ankaseweretsa, n'kukulunga m'bafuta monga timachitira kwathu. Tinakakwirira kuchipululu kutsidya. Mayi uja anabwera nawo, ati kudzaona misala ya anthu a kumpoto, koma mtsuko wa mowa wothira pamanda ananyamula ndi iye.

Ukufunsa ngati ndimalisowa dziwe. Ndimalisowa, mlongo wanga. Dzuwa likafika pa nthawi ya chakudya chake manja anga amayamba okha kufunafuna dengu. Ukapita kumeneko ukamuuze wonjenjemera uja kuti vinyo asamathire wozizira. Sindibwera msanga. Dedu sangakwerenso ngalawa, ndikumuphunzitsa kuphika mikate ya uchi kuti azigulitsa pa dooko. Amapsereza, koma aphunzira. Unditumizire uchi wa kwathu, wa kuno ndi wamadzimadzi.

Nkhwangwa ija unkaiopa, imva ntchito yake. Madzi ayamba kubwerera, ndipo posachedwa amayi ayambanso kuchapa pa dooko lija. Tisi adzapitako ndi mwana kumsana. Ndinapita kukapaona, malo ali pululu, aliyense wa m'madzi angathe kufika mpaka pamwala wochapira. Ndinafunsa kuti bwanji simutchinga, ati makolo athu sankatchinga, ng'ona ikagwira munthu timaipha. Nzeru za kumathithi! Ndiye ndakhala ndikudula mitengo ya mthethe n'kumakhoma m'madzi, chichiri pafupi ndi chinzake, kuzungulira dooko lonse. Dedu amakhala pamwala n'kumasongola, ine ndimalowa m'madzi mpaka m'chiuno. Anthu amabwera kudzaseka, ati taonani wansembe wa ng'ona akutsekera mulungu wake panja. Aseke. Dzulo amuna anayi anasiya kuseka n'kulowa nane m'madzi.

Lero m'mawa tikumanga chigawo chomaliza, ng'ona ina inatulukira. Yaimuna, yaikulu, yokongola kwabasi, Mereri, mamba ake ngati mwala wobiriwira. Inayandama kunja kwa mpanda n'kumandiyang'ana. Anthu onse anathawira kumtunda, Dedu anagwira mkondo. Ndinamuuza kuti auike pansi. Ndinaomba m'manja, ndinawerama mpaka ndevu kukhudza madzi, ndipo ndinati, "Mbuye wanga Sobeki, ndine Renisenebu, wantchito wanu wa ku Shedeti. Ndimakukondani monga kale, ndipo ndidzakukondani mpaka kufa. Koma muno muli mdzukulu wanga. Inu mukhale uko."

Ndinakhoma chichiri chomaliza iye akuona.

Mchimwene wako,
Renisenebu